Buku la ngalande ndi njanji za ku Britain lomwe linasowa posamuka

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds. Iwo akuti anagula buku lakale pashopu yogulitsa zinthu zakaunjika, koma linasowa posamuka nyumba asanaliwerenge lonse, ndipo mutu wake ndi dzina la mlembi anaziiwala. Chimene akukumbukira n'chakuti linali lochindikala, lopanda zithunzi, lofotokoza mitsinje, ngalande zoyendamo mabwato ndi njanji motsatira afabeti, ndipo pa ngalande iliyonse linkatchula lamulo la Nyumba ya Malamulo lomwe linailola kukumbidwa komanso ndalama zolipira pa tani iliyonse ya malasha.

Bambo, musadandaule kuti munaiwala mutu, pakuti zimene mwakumbukirazo n'zothandiza kuposa mutuwo. Mabuku onena za ngalande za ku Britain ndi ambirimbiri, koma ochepa kwambiri ndi amene anakonzedwa m'njira imeneyi. Ine ndikukhulupirira kuti munali ndi Historical Account of the Navigable Rivers, Canals, and Railways of Great Britain, buku la Joseph Priestley lomwe linatuluka mu 1831. Pofufuza mudzasamale, chifukwa kuli Joseph Priestley wina wotchuka, wasayansi amene anamwalira mu 1804, ndipo dzina lake ndi limene limayamba kubwera pa intaneti. Wathuyu ankagwira ntchito ku Aire and Calder Navigation, kampani yoyang'anira njira zapamadzi zomwe zimadutsa mumzinda umene mukukhalawo.

Chaka cha 1831 chikufotokozanso chifukwa chake ngalande ndi njanji zili m'buku limodzi. Ngalande ya Bridgewater inali itayamba kale kubweretsa malasha a ku Worsley cha ku Manchester mu 1761, ndipo kwa zaka makumi asanu ndi awiri katundu wolemera ankayenda pamadzi, hatchi ikukoka bwato uku ikuyenda m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Njanji ya Stockton and Darlington inatsegulidwa mu 1825, ya Liverpool and Manchester mu 1830. Choncho bukuli linalembedwa pamene njanji zinali zikadali zochepa, ndipo zambiri zinali tinjanji tifupitifupi tothandiza kufikitsa malasha ndi miyala kugombe la ngalande. N'chifukwa chake ndimalikonda: limakuonetsani ngalande zili pachimake, zisanalandidwe malonda ndi sitima zapamtunda.

Mwanena kuti mapepala ake anali oyera ndiponso olimba. Pamenepo ndikuona kuti silinali la 1831, koma losindikizidwanso. Kampani ya David & Charles ya ku Newton Abbot, yomwe Charles Hadfield, katswiri wa mbiri ya ngalande, anaiyambitsa pamodzi ndi David St John Thomas, inalisindikizanso m'zaka za m'ma 1960, ndipo mwina lanu linali limodzi mwa amenewo.

Musanawononge ndalama, yambani mwatsimikiza. Buku la 1831 linajambulidwa lonse ndipo mungaliwerenge kwaulere pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losungira mabuku akale. Tsegulani masamba oyambirira, mupeze Aire and Calder, muone ngati kakonzedwe kake kakugwirizana ndi zimene maso anu anaona. Mukakhutira, lembani dzina la mlembi pa AbeBooks, kumene ogulitsa mabuku akale amaika katundu wawo, kapena pemphani kulaibulale ya kwanuko kuti akubwerekereni kuchokera kulaibulale ina, monga amachitira nthawi zonse.

Mukaona kuti si limeneli, lemberani bungwe la Railway and Canal Historical Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954, ndipo muwafotokozere ndendende mmene mwandifotokozera ine, osasiya ngakhale mtundu wa chikuto. Malo osungira zolemba zakale ku National Waterways Museum ku Ellesmere Port ndi laibulale ya National Railway Museum ku York angathandizenso, ndipo York ili pafupi nanu, ulendo wa theka la ola pasitima. Mukalipeza mudzandilembere, ndikufuna kudziwa ngati ndalasa.