Za Jacques Cousteau ndi chipangizo chopumira pansi pa madzi

Mwafunsa kuti ndani anayambitsa kusambira pansi pa madzi munthu atabereka thanki ya mpweya kumsana, monga achitira alendo ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, komanso ngati munthuyo analidi wosamala zachilengedwe. Dzina lomwe limamveka kwambiri ndi la Jacques-Yves Cousteau wa ku France, yemwe anabadwa mu 1910 n'kumwalira ku Paris mu 1997.

Iyeyu anali msilikali wa pamadzi wolakalaka kuyendetsa ndege, koma mu 1936 ngozi ya galimoto inamuthyola mikono yonse iwiri. Pofuna kuilimbitsa ankasambira m'nyanja kufupi ndi mzinda wa Toulon ku France, ndipo mnzake Philippe Tailliez atamubwereka magalasi oonera m'madzi, mtima wake unatsalira komweko.

Chilungamo chake n'chakuti sanali woyamba, pakuti Yves Le Prieur, wa ku France komweko, anali atapanga kale chipangizo chopumira pansi pa madzi, kungoti mpweya wake unkangotuluka osalekeza n'kutha msanga. Mu 1943 Cousteau anagwirizana ndi injiniya Émile Gagnan, yemwe anali atakonza kachipangizo kothandiza magalimoto kuyendera gasi chifukwa petulo ankasowa pa nthawi ya nkhondo. Awiriwa anakasintha kuti kazipereka mpweya pokhapokha munthu akakoka mpweya, ndiponso pa mphamvu yofanana ndi ya madzi omwe amupanikiza pa kuya kumene wafika. Chipangizocho anachitcha Aqua-Lung, ndipo chimene wosambira wa lero amaluma pakamwa poyang'ana mbuna m'miyala chinachokera pa nzeru yomweyo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri. Mu filimu yake ya mu 1956, yomwe inalandira mphoto yaikulu pa mpikisano wa mafilimu wa ku Cannes ku France, anthu a m'sitima yake ya Calypso akuoneka akuphulitsa bomba m'madzi kuti awerenge nsomba zakufa, komanso akukhapa nsomba za shaki. Zimenezi sitiyenera kuzibisa. Komabe ine ndimamulemekeza chifukwa chakuti ataona ndi maso ake nyanja ikuwonongeka, anatembenuka mtima pamaso pa anthu onse. Mu 1960 anatsutsa poyera zotaya zinyalala za nyukiliya m'nyanja ya Mediterranean, ndipo boma la France linasiya ganizolo. Atakalamba anamenyera nkhondo Antarctica, dera la madzi oundana kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kufikira pomwe mayiko anasainirana pangano ku Madrid mu 1991 loletsa kukumba migodi kumeneko.