Mwasiya mapilitsi a BP ndiye miyendo yatupa? Zinandichitikiranso ine

Mayi wina wandilembera imelo akuti anasiya mankhwala a BP mwezi watha poti ankapeza bwino, pano nsapato sizikulowa, sikelo yakwera ndi makilo 3, ndiye akufunsa ngati ndi kunenepa chabe. Amayi, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndimamwa HCTZ, kapilitsi kakang'ono kaja dzina lake lonse ndi hydrochlorothiazide. Amene amakamwa akudziwa kuti kamakodzetsa. Ndiye kutagwa maliro a malume kumudzi, ulendo wa pa basi kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Rumphi, ndinati aaa ine zomakuwira adiraiva kuti imani ndikataye madzi anthu onse akundiyang'ana ayi, lero ndidumphe kaye. Pamaliro masiku atatu, kugona panja, toileti ili kutali usiku, ndinadumphanso. Pobwerera mutu sukupweteka, thupi lili myaa, mumtima ndinati basi ndachira. Msuweni wanga ananditsimikizira ndithu kuti mapilitsi akuchipatala amaononga impso, nandigulitsa zamadzimadzi zakuda m'botolo la Sobo, zowawa ngati ndulu, ine kumamwa mokhulupirika m'mawa ndi madzulo.

Sabata isanathe mphete yaukwati inakana kuvuka. Sokosi ndikavula zimasiya mzere wakuya pamwendo. Choseketsa n'choti anthu kutchalitchi ankandiyamikira, eti "koma nde zikukuyenderani, mwatakata!" ine kumasekerera. Kwathu kuno munthu akanenepa timati wapeza bwino, palibe amakufunsa ngati ali madzi.

Anali madzi. Akilinisha amene anandiona pambuyo pake anandifotokozera bwinobwino, HCTZ amachititsa impso kutaya mchere mu mkodzo, ndipo mchere ukamatuluka madzi amatsatira. Thupi likazolowera zimenezi limayamba kulimbana nazo, impso zimagwira mchere mwamphamvu kuposa kale, ndiye ukasiya mwadzidzidzi izo zimapitirizabe kugwira kwa masiku angapo olo masabata, madzi nkumadzadza m'miyendo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye makilo 3 anuwo mwina ndi malita atatu mukuyenda nawo. Nthawi zambiri mafuta sabwera msanga choncho. Tsiku limenelo BP yanga inali pamwamba kwambiri kudutsa 140/90 imene amati ndi malire, koma ine osamva kalikonse.

Apa nde pomwe ndimakwiya. BP sichira poti munthu ukumva bwino, ikatsika ndi chifukwa choti mankhwalawo akugwira ntchito. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ku Malawi kuno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Koma pa WhatsApp tsiku lililonse wina akugulitsa tiyi "wochotseratu BP", wina akuti tayani mapilitsi mwapemphereredwa. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala sadzabwera kudzakutembenuzani pa mphasa sitiroko ikakugwetsani. Komanso akuchipatala ena nawo ali ndi mbali yawo, amangolemba m'buku, "kamodzi patsiku, wotsatira!" osakuuza kuti izi ndi zamoyo wonse. Ine ndikanauzidwa poyamba mwina zaku Rumphi zija sizikanachitika.

Za mchere ndisaiwale. A WHO amati usadutse magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, chakudya chonse cha tsikulo. Ife timathira m'ndiwo, kuthiranso patebulo, usipa wouma uli kale ndi wake, therere tathira soda amenenso ali ndi sodium yemwe amapezekanso mu mchere, tima cube ta supu pamwamba. Nthawi imeneyo ndinkamwanso brufen wa msana osadziwa kuti nayenso amasunga madzi m'thupi n'kukweza BP.

Ndiye mutani amayi?

Simunandiuze dzina la pilitsi lanu, ndipo pamenepo pali nkhani. Ngati ndi HCTZ kapena Lasix, amenenso ndi okodzetsa, kutupako kukhoza kukhala komwe ndafotokozaku. Amlodipine ndi nifedipine amatupitsa akakolo munthu akamamwa, ndiye ngati mwatupa mutawasiya, mtima kapena impso ziyezedwe. Atenolol ndi propranolol sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umagunda moopsa. Dinikizani chala pa msongolo, pakatsala dzenje ndi madzi. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi akale mupite ku kiliniki sabata yomwe ino, mukanene chilungamo kuti munasiya liti komanso chifukwa chake, mankhwala a BP alipo amitundu ingapo atha kukusinthirani. Musakagule nokha mapilitsi okodzetsa ku famase. Koma ngati mukubanika, simukutha kugona chagada, nkhope yatupa, mkodzo wachepa, kapena watupa mwendo umodzi wokha n'kumapweteka, pitani lero lomwe.

Ine anandibwezera pa HCTZ yemweyo, ndimamwa m'mawa kwambiri kuti usiku ndigone. Mphete inavuka patatha sabata ziwiri, ndi sopo.