Funsani Dokotala: mfundu zosatha, zipere za m'mutu ndi kirimu wogula wekha

Adokotala, mfundu zandivutitsa kwa zaka zambiri. Ndikavala malaya akuda mapewa amachita kuyera mbuu. Ndasinthasintha mashampu olembedwa kuti amathetsa mfundu, koma ndikangosiya zimayambiranso. Ndigule iti? — Bambo wa zaka 34

Bambo, musanataye ndalama pa botolo lina, ndikufunseni kaye: thovu limakhala m'mutumo nthawi yaitali bwanji musanatsukuluze? Ambiri amapaka, kupikicha pang'ono, nkuthira madzi nthawi yomweyo. Mukatero mankhwala onse amapita ndi madzi asanagwire ntchito. Shampu ya mfundu imafuna mphindi 3 mpaka 5 ili m'mutu, ndipo malo ake ndi pakhungu, osati pamwamba pa tsitsi. Patulani tsitsilo ndi zala, pakani pansi penipeni, sambani thupi lonse, mutu muutsukuluze pomaliza.

Mfundu si uve ayi, ndipo sizipatsirana. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo ta mtundu wa fangasi totchedwa Malassezia, timene timadya mafuta otuluka m'khungu la m'mutu. Zotsalira za chakudya chimenechi anthu ena sizimawayanja. Khungu lawo limayabwa nkuyamba kufundula mofulumira: zimene zimatenga pafupifupi mwezi zimachitika m'masiku ochepa, ndiye timakoko toyera timayoyoka tambirimbiri.

Choncho pogula, dzina lalikulu lapamaso pa botolo musalisamale. Tembenuzani botololo muwerenge timalemba takumbuyo. Mukufuna shampu yokhala ndi chimodzi mwa izi: ketoconazole, selenium sulfide kapena zinc pyrithione. Zitatuzi zimachepetsa tizilombo tija. Kwa munthu amene wavutika zaka ngati inu, ine ndingayambire ketoconazole wa 2%, kawiri pa sabata kwa masabata 2 mpaka 4. Selenium sulfide nayenso ndi wamphamvu, kungoti amatha kusintha mtundu wa imvi kapena tsitsi lopaka utoto, choncho amafuna kutsukuluza bwinobwino. Zinc pyrithione ndi wofatsa, amakwanira mfundu zochepa. Ngati m'mutu mwachita zinkhanambo zokhuthala zomatirira, salicylic acid amazifewetsa kuti zikanganuke, koma tizilombo sapha. Palinso coal tar, amene amathandiza ndithu, ngakhale fungo lake ambiri limawagonjetsa.

Zoti mukasiya zimayambiranso, shampu sinalakwe. Tizilomboti sitichoka pathupi mpaka kalekale, timangochepa. Mutu ukayera, pitirizani kamodzi pa sabata kapena kamodzi pa masabata awiri, masiku enawo muzisambira shampu wamba. Mtundu umodzi ukakanika mwezi wathunthu mukuugwiritsa ntchito moyenera, sinthani mupite ku mankhwala ena pa atatu aja, osati botolo lina lokhala ndi mankhwala omwewo.

Chinthu china chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi mafuta. Munthu akaona mfundu amati khungu lauma, nkulinyika m'mafuta a olivi ndi ena otero. Timakoko timagona pansi tsiku limodzi kapena awiri, koma tizilombo tija mwatipatsa chakudya. Mafuta dzolani tsitsi lenilenilo, khungu lisiyeni lipume. Amayi oluka tsitsi, amene simungathe kusamba m'mutu pafupipafupi, kamodzi pa sabata nkokwanira, ndipo kondishona musamuiwale chifukwa mashampuwa amaumitsa tsitsi.

Mukaona kuti zafika m'nsidze, m'mbali mwa mphuno, kuseri kwa makutu kapena pachifuwa, kapena zabwera mwamphamvu modzidzimutsa, pitani kuchipatala. Nthawi zina ndi matenda ena a khungu monga psoriasis, nthawi zinanso ndi chizindikiro choti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo kuyezetsa HIV kumakhala kwanzeru.

Adokotala, mwana wanga wa zaka 7 ali ndi mfundu, ndipo malo awiri tsitsi lathothoka. Ndimamusambitsa shampu yanga ya mfundu koma sizikusintha. — Mayi wa ana atatu

Mayi, ndikukayika ngati zimenezi ndi mfundu. Ana a msinkhu umenewu mfundu sizimawagwira kawirikawiri, chifukwa khungu la m'mutu limayamba kutulutsa mafuta ambiri mwana akatha msinkhu. Malo ozungulira otuwa, tsitsi loduka m'tsinde nkusiya timadontho takuda, zimenezo ndi zipere za m'mutu. Mukamugwira kuseri kwa khosi mwina mupezanso timwanabere.

Fangasi wa zipere amalowa mkati mwa tsitsi mpaka kumizu, kumene shampu ndi kirimu sizifika. Mwanayo akufunika mankhwala akumwa, griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8 kapena terbinafine kwa masabata pafupifupi 4, ndipo mlingo wake amauwerengera potengera sikelo ya mwana. Ndiye chifukwa chake musagule nokha, mupite naye akamuone. Muzimusambitsanso shampu ya ketoconazole kawiri pa sabata, ntchito yake ndi kuchepetsa kupatsira anzake. Chipeso, chipewa, thawulo ndi pilo akhale ndi zakezake, makina ometera azitsukidwa, ndipo abale ake awiriwo muwayang'ane m'mutu. Ngati pakhomo pali mphaka kapena galu wothothoka ubweya, nayenso aonedwe. Pakatupa nkumatuluka mafinya musafinye, thamangani naye, chifukwa mukachedwa tsitsi pamalopo likhoza kusameranso.

Adokotala, ndinali ndi chipere pantchafu. Mnzanga anandipatsa kirimu wina, kuyabwa kunaleka tsiku lomwelo. Koma ndikasiya chimabwerera chitakula. — Mtsikana wa zaka 22

Chemwali, tengani chubucho muwerenge. Mukapeza mawu oti clobetasol kapena betamethasone, mwapeza gwero la vuto lanu. Amenewa ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid: amaziziritsa kuyabwa ndi kufiira, koma amafooketsa chitetezo cha khungu, fangasi nkumafalikira mwakachetechete. Mukawadzola miyezi, khungu limapyapyala, limachita mizeremizere yosafufutika, ndipo kumaso amabweretsa ziphuphu. Makirimu olonjeza kuchiza chilichonse, osakaniza mankhwala atatu kapena anayi m'chubu chimodzi, ine sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono.

Siyani kirimuyo, mugule clotrimazole wa 1% wopanda chosakaniza china. Dzolani kawiri pa tsiku, mopyola pang'ono m'mphepete mwa chiperecho, kwa masabata 4, ngakhale chioneke ngati chatha msanga. Masiku oyamba chikhoza kuyabwa kuposa kale, musadabwe. Ngati kirimu wa mnzanuyo mwamudzola kwa miyezi, kapena chipere chafika malo ambiri, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa pamenepo pangafunike mapiritsi.