Zotupa za fumbi lakuda pa chimanga: dulani zisanaphulike

Mayi ena olima chimanga cha kudimba anandipeza atanyamula chisononkho m'jumbo. Kunsonga kwake, pomwe pakanakhala njere, kunali zotupa zotuwa zazikulu ngati chibakera cha mwana, china chitang'ambika n'kumatulutsa fumbi lakuda bii ngati mwaye. Anandifunsa kuti: "Alangizi, kodi ndi mbewu yomwe ndinagula, kapena wina wandichita chipongwe? Nanga ndipopere mankhwala anji?"

Mayi, palibe amene wakulodzerani munda, ndipo ndalama ya mankhwalayo isungeni. Matendawa amayamba ndi kachilombo ka m'gulu la bowa ndi chuku, komwe akatswiri amakatcha Ustilago maydis. Fumbi lakudalo ndi njere zake, ndipo zimakhala zamoyo m'nthaka ndi m'mapesi kwa zaka zingapo.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi: njere imodzi payokha sidwalitsa chimanga. Ikapeza chinyezi imamera n'kutulutsa timaselo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene mphepo ndi madontho a mvula zimatitengera pa masamba ndi pa ndevu za chimanga. Kaselo kotere kakakhala kokha kamangodzichulukitsa ngati yisiti wa mandasi, osatha kuboola mmera. Kayenera kaye kupeza mnzake wokwatirana naye.

Kwa tizilomboti kulibe mwamuna kapena mkazi. Kuli mitundu iwiri yomwe inapatsidwa mayina akuti a1 ndi a2. Mtundu uliwonse umatulutsa timankhwala toitanira totchedwa feromoni, ndipo pakhungu pake uli ndi pomvera feromoni ya mtundu winawo basi, osati yakeyake. Ka a1 kakamva kuitana kwa ka a2 kamasiya kudzichulukitsa, n'kumeretsa kaulusi kolunjika komwe kukuchokera kuitanako. Ka a2 nakonso kamachita chimodzimodzi, mpaka timaulusi tiwirito tikumane n'kulumikizana. Izi anazifotokoza mu 1992 katswiri wa sayansi a Regine Kahmann ndi anzawo ku Germany. Pali chipata chachiwiri: awiriwa ayenera kusiyananso pa chizindikiro china chotchedwa b, chomwe chili ndi mitundu yoposa 15. Akafanana pamenepo, ukwatiwo subala kanthu. Akasiyana, pamatuluka ulusi umodzi wamphamvu womwe umaboola mnofu wanthete wa chimanga n'kuukakamiza kutupa. Pasanathe masabata awiri chotupa chimayamba kuoneka, ndipo pofika sabata yachitatu mkati mwake mwadera.

Ine nkhaniyi imandigwira mtima nthawi zonse, kuti tinthu topanda maso ndi miyendo timaitanizana pa tsamba lonyowa ndi mame. Koma kwa inu phindu lake nali: fumbi likachuluka m'munda, a1 ndi a2 savutika kupezana. Chotupa chimodzi chophulika chimamwaza njere mamiliyoni, ndipo mitundu iwiri yonseyo imachokera momwemo.

Choncho muziyendera munda kuyambira pomwe chimanga chamasula. Chotupa chilichonse chomwe chikadali cholimba, chotuwa ndi chosang'ambika, chiduleni ndi mpeni, muike m'jumbo, mukachitenthe kapena kuchikwirira m'dzenje lakuya kunja kwa munda. Musachiponye mumkwasa, m'khola la ng'ombe kapena pa mulu wa manyowa, chifukwa njerezo zidzabwerera kumunda komweko. Muyang'anenso pa phesi, pa masamba ndi pa ngayaye, si pa chisononkho pokha. Kupopera sikuthandiza poti chotupa chikamaoneka ulusi uja unalowa kalekale.

Mwati mumathirira mwa apo ndi apo chifukwa chitsime chikuphwa. Pamenepo ndi pomwe ndikukayikira kwambiri. Chimanga chikamva ludzu pa nthawi yomasula, ngayaye imathothola mungu ndevu zisanatuluke bwino. Ndevu zomwe sizinalandire mungu zimakhala zanthete masiku ambiri, ndipo ndiyo njira yomwe ulusiwo umatsata kukafika pa njere za chimanga. Ndevu zikalandira mungu msanga, khomo limatsekeka. Ngati madzi ndi operewera, asungireni sabata yomasulayo. Mabala nawo amatsegula njira: a khasu popalira ndi pobandira, a matalala, a kapuchi ndi ntchemberezandonda. Feteleza wa Urea wopyola muyezo amachititsanso mnofu kukhala wofewa. Pamalo pomwe pagwidwa kwambiri, chaka chamawa mudzalepo nyemba, soya kapena mtedza.

Bambo ena anafunsa ngati ndi matenda omwewa pomwe ngayaye yonse ndi chisononkho chonse zasanduka fumbi lakuda lokhala ndi timitsitsi mkati, popanda njere ndi imodzi yomwe. Ayi bambo, ameneyo ndi m'bale wake, Sporisorium reilianum. Nayenso amakwatirana poitanizana ndi feromoni, koma amalowa m'chimanga chikangomera, kuchokera m'nthaka, n'kukwera nacho mwakachetechete mpaka chimasule. Kwa ameneyu mbewu yokutidwa ndi mankhwala oteteza ku matenda a bowa imathandiza, ndipo mmera wogwidwa muuzule wonse.

Mayi aja anamaliza ndi kufunsa ngati chimanga chotsala m'mundamo n'chodyeka. N'chodyeka. Ku Mexico zotupa zanthetezo amachita kuzikazinga n'kudya, dzina lake huitlacoche, ndipo zimagulidwa mokwera mtengo kuposa chimanga chenicheni. Chomwe muyenera kutaya osadya, osapatsanso nkhuku, ndi njere za chimanga zogwidwa ndi chuku chobiriwira, choyera kapena chofiirira chomwe chimakonda kumera pa chisononkho chong'ambika makoko ngati chomwe munabweretsacho. Chimenecho ndi china, ndipo chimatha kukhala ndi poizoni wosatha ngakhale mutaphika.