Lole ndi kagalimoto zikagundana, wamenya mnzake kwambiri ndani?

FUNSO: Ankolo, ine fizikisi ikundizunguza mutu. Aticha akuti lole ikagundana ndi kagalimoto, mphamvu yomwe lole yamenyera kagalimotoko ndi yofanana ndendende ndi yomwe kagalimoto kamenyera lole. Nde bwanji kagalimoto kamaphwanyikiratu pomwe lole imangopindika bampala basi? Ndikuona ngati anasokoneza penapake koma ndikuopa kuwafunsa. Ndine wophunzira.

YANKHO: Mphwanga, aticha akowo sanasokoneze ayi, limenelo ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton, analilemba kalekale mu 1687. Ukakankha khoma nalonso limakukankha ndi mphamvu yomweyo. Pomwe wasochera iweyo mpakuti ukuyeza mphamvu poona kuphwanyika, pomwe zimenezi nzosiyana.

Tiye tiwerengere limodzi. Lole ya makilogalamu 10,000, kagalimoto ka 1,000, zonse zikuthamanga mamita 20 pa sekondi, omwe ndi makilomita 72 pa ola, nkugundana maso ndi maso. Momentamu ndi masi (makilogalamu aja) kuchulukitsa ndi liwiro, nde lole ili ndi 200,000, kagalimoto 20,000 koma poti kakulowera kwina timachotsera, kutsala 180,000. Momentamu yonse pamodzi siisintha pogundana, ndiye zikakolana osasiyananso ugawe 180,000 ija ndi makilogalamu 11,000, upeza kuti zonse zikukhwekhwerezekera komwe imapita lole pa mamita 16.4 pa sekondi.

Waona? Liwiro la lole langotsika ndi 3.6 basi. Koma kagalimoto kaja kaima, nkubwereranso chambuyo, kusintha kwake ndi 36.4, kuposa lole ka 10, ndipo zonsezi m'kanthawi kongophethira. Mphamvu ndi yomweyo inde, koma yagwera pa kanthu kopepuka, ndipo amene ali m'katimo thupi lake likumva kusintha konseko.

Za kuphwanyikazo, mbali ina amachita kupangira dala. Kutsogolo kwa magalimoto ang'onoang'ono amakukonza kuti kuzipindika pangozi, chifukwa kupindikako kumatalikitsa nthawi yoimira, ndipo nthawi ikatalika mphamvu yofika pa munthu imachepa. Nchimodzimodzi kuwakha mpira, manja umawabweza m'mbuyo kuti usakupweteke, palibe anakuphunzitsa koma umatero. Lamba naye ntchito yake ndi yomweyo, galimoto ikaima mwadzidzidzi thupi lako silidziwa zimenezo limangopitiriza ulendo, nde lamba amakuimitsa pamodzi ndi galimoto m'malo moti uimitsidwe ndi chiwongolero. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno uja anamupanga Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, kwa ine bamboyu sitimutchula mokwanira.

Pa mayeso samala ndi mainasi, ambiri amalakwira pamenepo, amaphatikiza 200,000 ndi 20,000 ngati zonse zikupita kumodzi. Ndipo aticha akowo kawafunse ndithu, uwaonetse masamuwa.