Za ku Spurn mu Epulo, mundimvere ine

Achemwali, mwafunsa zopita kukaona mbalame mu Epulo ku Spurn, kamtunda kakatali kopyapyala ka mchenga kolowa m'nyanja pomwe mtsinje wa Humber umathera, ku England. Pitani, koma nkhani ya madzi musaisiyire munthu wina. Chaka chatha mu Epulo ndinapitako ndi bambo ena a kutchalitchi kwathu ku Hull, omwe ankati malowo amawadziwa ngati kumunda kwawo. Ndinawafunsa kawiri kuti nyanja ikwera nthawi yanji. Iwo amvekere, "Musadandaule mayi, tikhala titabwerako." Ife tinakulira nyanja yosadziwa kukwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndiye ndinangowakhulupirira.

Msewu wa kumeneko unakokoloka mu Disembala 2013, moti galimoto mumaisiya cha ku Kilnsea, kwinako ndi wapansi, pafupifupi makilomita 5 kukafika kunsonga. Pobwerera tinapeza pamchenga pomwe tinadutsa m'mawa pali madzi okhaokha, nyanja uku, mtsinje wa Humber uku, zakumana. Mwana wanga wa zaka 9 nsapato zili chonyowa, mano akugwedera, mphepo yake yolasa mpaka m'mafupa. Tinaunjikana m'kanyumba kodikiriramo madzi, foni yatsala pang'ono kuzima, ine usiku womwewo ndikuyenera kulowa ntchito. Kuwonjezera apo mwana anali atakhudza timbozi taubweya ta m'zitsamba za kumeneko, khosi lonse zidzolo, akudzikanda uku akulira. Bambo aja? Maso ali ku mbalame, akundikodola kuti ndidzaone whimbrel, mbalame ya m'gombe ya mlomo wautali wopindika. Mwana wa mnzako akuzizidwa chonchi iwe mtima uli pa mbalame! Kupepesa ayi, mpaka lero. Lamulungu lotsatira ankafotokozera anthu akuseka.

Ndiye onani nokha nthawi za madzi pa intaneti musananyamuke, muwerengenso zikwangwani zapolowera. Jekete lokhuthala, tiyi mufulasiki, malaya a manja aatali, galu musatenge saloledwa. Anthu odzitcha odziwa awa musawamvere. Komabe musapite nokha, pezani wozolowera malowo, apo ayi timbalame tonse mungotiona tofiirira tofanana.

Ana ndikanati asiyeni kunyumba. Koma wangayo chomwe amakamba mpaka pano ndi anamzeze, akuuluka chapansipansi m'mphepete mwa gombe, gulu ili likadutsa kukubwera lina. Nditamuuza kuti achokera kummwera kwa Africa, ndipo mtundu womwewu timauona kumudzi nthawi ya dzinja, anasiya kulira n'kuyamba kuwawerenga. Kumayambiriro a Meyi amachuluka. Fikani dzuwa likungotuluka.