Funsani za Mano: Mwana Sakumva Kuwawa, Tikatani kwa Dokotala?

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 11 ndipo wamera mano anayi, awiri pansi, awiri pamwamba. Mnzanga akundiuza kuti ndipite naye kwa dokotala wa mano asanakwanitse chaka. Bambo ake akuti kumeneko n'kutaya nthawi ndi ndalama, poti mwana sakudandaula paliponse ndipo manowa adzaguluka ndithu. Ndimvere ndani?
*Mayi wa mwana woyamba*

Mayi, mnzanuyo wakuuzani zoona, koma funso la bambo a mwana nalonso lili ndi nzeru zake, ndiye ndikuyankhani nonse awiri.

Madokotala a mano a ana amalangiza kuti mwana aonedwe pasanathe miyezi 6 chimerereni dzino loyamba, ndipo asapitirire chaka chimodzi asanaonedwe. Bungwe la madokotala a mano a ana ku America, la American Academy of Pediatric Dentistry, limaphunzitsa zimenezi, ndipo ku Britain kampeni ya Dental Check by One inayamba mu 2017 ndi uthenga womwewu. Chifukwa chake n'chakuti kuwola kwa dzino sikuyamba ndi ululu. Kumayamba ndi kamzere koyera mbee ngati choko, m'munsi mwa mano apamwamba akutsogolo, pomwe dzino limakumana ndi nkhama. Pamenepo dzino silinabooke, ndipo likhoza kulimbanso likapatsidwa fluoride, mankhwala olimbitsa mano, ndiponso shuga akachepa. Likabooka, basi, silidzitsekanso lokha. Ana ambiri amene ndimawalandira amabwera atagona usiku wonse akulira, ndipo pofika pamenepo nkhani imakhala ya kumata kapena kuzula.

Ulendo woyambawu si woopsa. Mwana wamng'ono chotere sitimukhazika pampando waukulu uja. Inu ndi ine timakhala moyang'anizana, mawondo athu atagundana, mwana ali pamiyendo panu kukuyang'anani, kenako mumamugoneka chagada mutu wake n'kufika pamiyendo panga. Ndimakweza mlomo wapamwamba, kuwerenga mano, kuona nkhama, lilime ndi chibwano. Akalira musachite manyazi, ife timakondwera, poti pakamwa patseguka pokha. Ngati pakufunika ndimapaka mano vanishi ya fluoride ndi kaburashi kakang'ono, ntchito ya mphindi zochepa chabe. Nthawi yambiri imathera pa mafunso: mwana amagona ali ndi chiyani m'kamwa, amamwa chiyani masana, ndani amamutsuka mano, ndipo inuyo mano anu ali bwanji. Lomalizali makolo amadabwa nalo, koma tizilombo towoletsa mano mwana sabadwa nato. Amatilandira kudzera m'malovu a amene amamulera, monga polawa chakudya ndi supuni yomwe akumudyetsera.

Tsopano bambo a mwana amve izi, chifukwa sindikufuna kuwanamiza. Ofufuza sanapeze zofanana ponseponse. Kafukufuku wa ku North Carolina, ku America, amene anasindikizidwa mu 2004, anapeza kuti ana amene anaonedwa asanakwanitse chaka, ndalama zowalipirira chithandizo cha mano m'zaka zotsatira zinali zochepa poyerekeza ndi amene anachedwa. Koma wina wa ku Alabama, ku America komweko, wa mu 2017 anapeza kuti ana amene anaonedwa msanga ndi dokotala wa mano ndi amene anamatidwa mano kwambiri pambuyo pake. Mwina makolo amene anafulumira anali ataona kale vuto, mwinanso kungoti dokotala akayang'ana amapeza zimene zikanabisika. Ine ndimatengapo chinthu chimodzi: ulendo wa kwa dokotala si katemera. Mwana akabwerera kunyumba n'kupitiriza kugona ndi botolo la zotsekemera, vanishi yanga yapita pachabe. Phindu la ulendowu lili pa zimene inu mukasinthe mukafika kunyumba.

Zoti manowa adzaguluka n'zoona, koma liti? Mano aubwana amakhala 20 ndipo amatha kumera onse mwana akamafika zaka zitatu. Akutsogolo amayamba kuguluka pa zaka 6 kapena 7, koma otafunira akumbuyo amakhala mpaka zaka 10 mwina 12. Zaka zonsezi mwana akudya nawo, kulankhula nawo, ndipo akusungira malo mano aukulu amene akukula m'kati mwa nsagwada. Dzino lakumbuyo likazulidwa mwana ali ndi zaka zinayi, anzake amasunthira pampatapo, ndipo laukulu likamabwera limapeza njira yatsekeka n'kumera mokhota. Komanso chikuto cha dzino laubwana n'chopyapyala, kotero kubooka kumafika msanga pa mtsempha, ndipo mafinya a pamuzu angathe kuwononga dzino laukulu lisanatuluke n'komwe. Vutoli si laling'ono. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linati ana pafupifupi 514 miliyoni ali ndi mano aubwana owola.

Choti muyambe lero, musanapeze n'komwe tsiku lobwera, ndi mswachi. Wofewa, wamutu waung'ono, kawiri patsiku, ndipo kwa usiku ndiko kosayenera kulumpha. Mankhwala otsukira mano akhale ndi fluoride wosachepera 1000 ppm, nambalayo imalembedwa pachubu kapena pakatoni. Kwa mwana wosakwana zaka zitatu pakani pang'ono kwambiri, kukula ngati njere ya mpunga. Kuyambira zaka zitatu mpaka 6, ngati kambewu ka nsawawa. Akadziwa kulavula, alavule koma asachukuche ndi madzi, chifukwa madziwo amachotsa fluoride yemwe mwangopaka kumene. Mugonekeni pamiyendo panu kuti muziona bwino m'kamwa. Wanga wamng'ono ankaluma mswachi n'kuukanirira, ndiye ndinkamupatsa wina woti azitafuna ine ndikutsuka ndi wachiwiri. Mwana amafuna dzanja la munthu wamkulu pa ntchitoyi mpaka zaka 7 kapena 8, ngakhale atanena motani kuti amatha yekha.

Adokotala, ndikulera mdzukulu wanga wa zaka zitatu. Mano ake anayi apamwamba akutsogolo ada ndipo akunyenyeka, pomwe apansi ali bwinobwino. Maswiti sindimugulira kawirikawiri. Sagona popanda botolo, ndiye ndimamuthirira mkaka wa shuga kapena juwisi. Ena akuti ndi nyongolotsi za m'mano, ena akuti n'zakumtundu. Kodi akhoza kuchira?
*Agogo odandaula*

Agogo, zikomo chifukwa chonena za botololo mosabisa, poti yankho lili pomwepo. Simunalakwe mwadala, mumafuna mwana agone.

Za nyongolotsi anthu m'mayiko ambiri anazikhulupirira kwa zaka masauzande, mpaka m'zolemba zakale za ku Mesopotamia, kumene lero kuli dziko la Iraq, zilimo, koma m'dzino mulibe nyongolotsi. Mu 1890 dokotala wa mano wa ku America amene ankagwira ntchito ku Berlin, Willoughby Miller, anafotokoza kuti mabakiteriya a m'kamwa amasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula dzino. Amodzi mwa mabakiteriya odziwika kwambiri pa ntchito yoipayi ndi Streptococcus mutans. Shuga akangolowa m'kamwa, pakapita mphindi zochepa asidi wayamba kudya dzino, ndipo malovu amafuna theka la ola kapena kuposerapo kuti amutsuke ndi kubwezeretsa zimene dzino lataya. Ndiye chimene chimawononga kwambiri ndi kangati patsiku mwana akulawa zotsekemera. Switi imodzi yodyera pamodzi ndi chakudya cha masana ili bwino kusiyana ndi juwisi womwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chifukwa pamenepo malovu sapeza mpata.

Usiku zinthu zimaipiraipira. Munthu akagona malovu amachepa kwambiri, ndipo mwana wogona ndi botolo mkaka wa shuga uja umangodikha kuzungulira mano apamwamba mpaka kucha. Apansi apulumuka chifukwa lilime limawaphimba poyamwa ndipo ali pafupi ndi pomwe malovu amatulukira. Ndikaona mano owola mwa mtundu umenewu ndimadziwiratu nkhani ya botolo ndisanafunse. Zakumtundu zimene anthu amanenazi nthawi zambiri zimakhala zizolowezi za pakhomo zimene ana onse adutsamo.

Mbali ya dzino imene yanyenyeka sidzameranso, koma kuwolako kungathe kuimitsidwa, ndipo si nthawi zonse pomwe timazula. Pali mankhwala amadzi otchedwa silver diamine fluoride amene timangodontheza pamalo owola, popanda kuboola kapena kubaya jakisoni. Amaumitsa malowo ndi kupha tizilombo, koma ndikuchenjezeni kuti amadetsa malo owolawo bii mpaka dzino lidzaguluke. Makolo ena amakana chifukwa cha maonekedwe. Ine ndikadakhala inu ndikadasankha dzino lakuda losawawa. Palinso njira yopala zowola ndi zida za pamanja n'kumata ndi simenti ya glass ionomer, imene imatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Njirayi inayesedwa koyamba ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndipo sifuna magetsi. Mu 2021 WHO inaika mankhwala awiri onsewa, pamodzi ndi otsukira mano a fluoride, pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Dokotala amene amuone ndiye anganene choyenera, ataonanso mano akumbuyo, chifukwa kawirikawiri nawonso amakhala atayamba.

Botolo lichoke. Mwana wa zaka zitatu amamwera bwino m'kapu, ndipo kwenikweni botolo limayenera kusiyidwa akakwanitsa chaka. Ngati kulichotsa kamodzin'kamodzi kukuvuta, muzisungunula zam'katimo ndi madzi, usiku uliwonse madzi azichuluka, mpaka mutsale madzi okhaokha. Alira masiku angapo, limbani mtima agogo. Akatsuka mano usiku, m'kamwa musalowenso china koma madzi. Onaninso mankhwala amadzi a chifuwa kapena malungo, ambiri amakhala ndi shuga, ndiye akamwa usiku muzimutsuka mano pambuyo pake.

Mukaona kachithupsa pankhama pamwamba pa dzino, bwerani naye msanga ngakhale sakulira. Koma tsaya likatupa, kutupako kukufika kudiso kapena pansi pa chibwano, thupi litatentha kapena akuvutika kumeza, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Adokotala, mwana wathu ali ndi chaka ndi miyezi 6 ndipo amayamwabe usiku. Ndinawerenga kuti kuyamwa kumawoletsa mano. Ndiwauze mayi ake amuletse?
*Bambo wa ana awiri*

Bambo, musathamangire kumeneko. WHO imalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. M'chaka choyamba kuyamwa sikuonjezera kuwola kwa mano. Pamene ofufuza aona vuto ndi kwa ana opitirira chaka amene amayamwa pafupipafupi usiku wonse, makamaka ngati masana amadya zotsekemera ndipo mano satsukidwa. Ndiye konzani zimenezo. Mano atsukidwe ndi mankhwala a fluoride asanagone, mayi ake azimuchotsa kubere akangogona m'malo momusiya akuyamwa m'tulo, ndipo mabisiketi ndi zakumwa za shuga zichepe masana. Ntchito ya mswachi wa usiku itengeni ndinu, mayi apumuleko. Kamodzi pamwezi kwezani mlomo wake wapamwamba pamalo owala n'kuyang'ana m'mphepete mwa nkhama, ndipo mukaona kamzere koyera kapena kabulauni, kamuonetseni kwa dokotala wa mano sabata yomweyo.